Akudya mayunitsi ndani pakhomo panu?

Pa puloti iliyonse imene mabanja angapo amadalira mita imodzi ya magetsi, pamakhala munthu amene amalozedwa chala mayunitsi akatha mwezi usanafike pakati. Nthawi zambiri wolozedwayo sakhala mwini mlandu.

Pathu pano ku Chikale, chakumtunda ukachoka kugombe, tili makomo anayi pa mita imodzi. Pali ine mwini puloti, pali aphunzitsi a kupulayimale ndi banja lawo, pali mayi wogulitsa mafilizesi ndi thobwa lozizira pamsika wa ku boma, ndiye pali mnyamata wosakwatira amene amagwira ntchito pa loji ina kunyanja. Kwa nthawi yaitali mlandu unkagwa pa mnyamatayu. Anzake, makamaka asodzi amene kwawo kulibe magetsi, amamusiyira mafoni kuti awatchajire, ndiye ukasuzumira m'chipinda mwake umapeza mafoni 6 atandandalika pamphasa, zingwe zili yangayanga. "Ada, kodi mwatsegula shopu ya tchaji ndi mayunitsi athu?" ankatero mayi wa mafilizesi, mawu atakweza kuti puloti yonse imve. Mnyamatayo ankangoseka mwamanyazi, n'kusonkha ndalama yofanana ndi ya wina aliyense.

Koma batire la foni, ngakhale la foni zikuluzikulu zamakonozi, limadzaza ndi magetsi ochepa zedi. Yuniti imodzi ikhoza kutchaja foni yothimiratu mpaka kudzaza maulendo pafupifupi 40. Mafoni 6 tsiku ndi tsiku, mwezi wathunthu, sapitirira mayunitsi 5. Mayunitsi amenewo aphunzitsi amawamaliza akaphika nyemba kawiri pa hotipuleti, ndipo filiza ya mayi wodandaulayo inkawameza m'masiku awiri okha. Zodya magetsi m'nyumba ndi zinthu zotenthetsa ndi zoziziritsa. Zowala ndi zolira, zimene maso ndi makutu athu amathamangirako, zimangonyambitako.

Ambiri timagula yuniti osaidziwa. Tikalipira pa Airtel Money kapena pa Mpamba, timalandira manambala 20 aja, n'kuwabaya pa mita, basi. Tembenuzani ketulo yanu muone kunsi kwake, kapena kumbuyo kwa kanema, kapena pakhosi pa babu. Mupezapo nambala yotsatana ndi chilembo cha W. Amenewo ndi mawati, ndipo amanena mphamvu imene chinthucho chimakoka chikamagwira ntchito. Ketulo zambiri ndi za mawati 2000, mbale imodzi ya hotipuleti ndi ya 1000 kapena 1500, fani ndi ya 50, babu la LED ndi la 9. Yuniti imodzi, imene pa uthenga wa tokeni amailemba kuti kWh, ndi mawati 1000 atayaka ola limodzi. Mawati ali ngati kukula kwa mpopi, pamene mayunitsi ndi madzi amene agwera mundowa. Mpopi waukulu wotsegulidwa kamphindi ukhoza kupereka madzi ochepa kusiyana ndi kampopi kodontha usiku wonse. Choncho kuti mudziwe zimene chinthu chimadya, chulukitsani mawati ake ndi maola amene chimayaka, n'kugawa ndi 1000. Fani ya mawati 50 ikazungulira maola 10 usiku wa chilimwe, yadya theka la yuniti. Mwana wa Sitandade 5 akhoza kukuwerengerani zimenezi.

Ndikupempha kuti muziwerengera m'mayunitsi, osati m'makwacha. Munthu akamati "kale K10,000 inkanditha mwezi, lero sabata ziwiri sizikwana, mita iyi ikuthamanga," amakhala akusakaniza nkhani ziwiri. Mu 2023 bungwe la MERA, limene limavomereza mitengo ya magetsi, lidalola ESCOM kukweza mtengo ndi 50.8 peresenti pang'onopang'ono m'zaka zinayi, ndipo mu Novembala chaka chomwecho kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Ndalama yomweyo ikugula mayunitsi ochepa, mita isanalakwe chilichonse. Palinso china chimene ambiri sachidziwa. Pa mita ya pakhomo, mayunitsi 50 oyamba kugulidwa m'mwezi amakhala otsikirapo mtengo, ndipo opitirira pamenepo amakwera. N'chifukwa chake tokeni yachiwiri m'mwezi imabwera ndi mayunitsi ochepa ngakhale ndalama ili yofanana ndi yoyamba. Ife a mita imodzi apa ndi pamene timaluza, chifukwa mabanja anayi timagawana mayunitsi 50 otchipawo, pamene aliyense akadakhala ndi mita yake akadapeza ake 50.

Chida choyezera muli nacho kale, ndi mita yomweyo. Njira yosavuta ndi ya kope ndi pensulo. Lembani mayunitsi otsala pamene mukukagona, mulembenso mukadzuka musanayatse kanthu. Kusiyana kwake ndi zimene nyumba yanu imadya inu muli m'tulo. Ngati muli ndi fuliji imodzi ndi mababu awiri a LED a panja, usiku umodzi suyenera kupitirira yuniti imodzi. Mukapeza awiri kapena atatu, pali china chimene chikudya mumdima.

Njira yachiwiri ndi imene ndimaikonda, chifukwa yankho limabwera pomwepo anthu onse akuona. Mamita ambiri ali ndi kanyali kofiira kamene kamaphethira, ndipo pafupi nako pamalembedwa nambala ngati 1000 imp/kWh. Tanthauzo lake n'lakuti kanyaliko kakaphethira ka 1000, yuniti imodzi yapita. Pa mita yotero, werengani kuti kaphethira kangati pa mphindi imodzi, muchulukitse ndi 60, ndipo mwapeza mawati amene nyumba ikukoka nthawi imeneyo. Ngati mita yanu yalembedwa nambala ina, monga 1600, chulukitsani kuphethirako ndi 60,000 n'kugawa ndi nambalayo.

Ife tidachita zimenezi madzulo ena mu Okutobala, kukutentha moti palibe amene ankafuna kukhala m'nyumba. Mwana wamkazi wa aphunzitsi adagwira foni yowerengera nthawi, ine ndidaima pa mita, ndipo makomo onse adazula chilichonse pa soketi. Kanyali kadangoti zii. Kenako mnyamata uja adalumikiza mafoni ake onse. Tidadikira, mwana akuyang'ana foni, ine maso ali pa kanyali, udzudzu ukutiluma m'miyendo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kadaphethira kamodzi mphindi itatsala pang'ono kutha. Mawati 60. Adazula, mayi n'kuyatsa filiza: kawiri pa mphindi, mawati 120. Aphunzitsi atayatsa mbale imodzi ya hotipuleti kanyali kadayamba liwiro, ka 17 pa mphindi, ndipo ketulo yanga idafikitsa pa 33, mwana mpaka kusokonezeka powerenga.

Mayi wa mafilizesi adaomba m'manja. "Mwaona, Ada? Yanga kawiri, ya mnyamatayu kamodzi. Kusiyana kwake kuli pati? Koma onani ketulo yanuyo!" Aphunzitsi ndi amene adayankha, mofatsa ngati ali m'kalasi. "Ama, ketulo ya a landilodi imayaka mphindi zisanu n'kuthima. Mafoni awo amadzaza m'maola awiri. Nanga filiza yanu imapuma nthawi yanji?" Funso limeneli ndi limene lidatsegula nkhani yonse, chifukwa titakhala chete n'kutchera khutu, tidazindikira kuti filizayo sinkapuma n'komwe.

Fuliji kapena filiza yabwino siyenera kulira nthawi zonse. Injini yake imang'ung'uza kwa mphindi zingapo, m'kati mukazizira mokwanira imati khethe n'kusiya, kenako imadzayambanso. Ikamagwira ntchito maola 8 pa maola 24, injini ya mawati 120 imadya pafupifupi yuniti imodzi patsiku. Ikamalira usana ndi usiku osalekeza, imadya pafupifupi 3, amene ndi mayunitsi 86 pamwezi. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu kuposa mababu onse, kanema, dikoda ndi mafoni a puloti yonse kuwaphatikiza.

Kuno kunyanja mafiliza amavutika kuposa a ku Mzuzu, ngakhale mtunda wa pakati pathu ndi makilomita osakwana 50. Kumeneko n'kumapiri, kumazizira. Kuno mpweya ndi wotentha ndiponso wachinyontho, ndipo chinyontho chikalowa mufiliza chimasanduka chipale chimene chimamata m'mbali. Chipale chikakhuthala kuposa chala, chimatsekereza kuzizira, injini n'kumalimbana nacho. Ya mayiyu inali ndi mavuto onse pamodzi. Idabwera ndi mchimwene wawo kuchokera ku Johannesburg itagwirapo kale ntchito, monga mmene katundu wambiri wa magetsi amafikira m'makomo a ku Nkhata Bay. Adaiika m'kachipinda kosungira katundu, kopanda siling'i, pansi pa malata, itagunda khoma. Masana ukalowamo thukuta limayamba usanatseke chitseko. Kumbuyo kwake, kumene imatayira kutentha, kunali fumbi ndi akangaude. Ndiye labala wa chivindikiro adauma n'kung'ambika pangodya.

Labala mungamuyese nokha. Ikani pepala pakamwa pa fuliji n'kutseka, kenako kokani. Likatuluka mosavuta, kuzizira kukuthawira pomwepo. Yesani mbali zonse zinayi. Kusintha labala ndi ntchito yaing'ono kwa wokonza mafuliji, ndipo ndalama yake imabwerera m'miyezi yochepa. Ife tidaitulutsa filizayo m'kachipinda kaja n'kuiika pamalo opita mphepo, tidasiya mpata wa chikhatho pakati pa iyo ndi khoma, tidaipukuta kumbuyo ndi kansalu kouma, ndipo mayi adaizimitsa tsiku lina kuti chipale chisungunuke chokha. Musamagobe chipale ndi mpeni. Mukaboola kapaipi ka gasi, filiza yathera pomwepo. Usiku wotsatira tidaimva ikuti khethe, n'kukhala chete, ndipo manambala a m'kope adatsika ndi theka.

Chizolowezi china chimene mayiyu adasiya ndi kulowetsa thobwa likadali lofunda. Kutentha kulikonse kumene mwalowetsa mufuliji, injini iyenera kukutulutsa ndi mayunitsi anu, pamene kuliika m'beseni la madzi pakhonde kumachita ntchito yomweyo ulere. Komabe tisanamizane, wogulitsa mafilizesi kapena ayisi wa a nsomba sangathawe bilu. Kuumitsa malita 10 a madzi kumadya pafupifupi yuniti imodzi ngakhale filiza ili yatsopano. Yuniti imeneyo ndi mpamba wa bizinesi, ngati shuga ndi timapepala tomangira, ndipo iyenera kulowa pa mtengo wa filizesi, osati pa msonkho wa puloti.

Ena amazimitsa fuliji usiku poganiza kuti akupulumutsa. Phindu lake n'lochepa, chifukwa m'mawa injini imalira nthawi yaitali kubweza kuzizira kumene kwathawa, ndipo ngati muli batala kapena nyama mukusewera ndi m'mimba mwa ana. Chanzeru n'kudzaza mipata yopanda kanthu ndi mabotolo a madzi. Filiza yodzaza imasunga kuzizira nthawi yaitali magetsi akathima, bola osaitsegulatsegula. Ndipo magetsi akathima, zulani pulagi. Akabwera dikirani mphindi zisanu musanalumikize, chifukwa injini ya fuliji imapsa msanga ndi magetsi obwera mwadzidzidzi kapena ofooka. Yang'ananinso adaputa. Katundu wa ku South Africa amabwera ndi pulagi ya mano ozungulira pamene masoketi athu ndi a mano a ngodya, ndiye anthu amalumikiza ndi adaputa yogwedera. Mukaigwira n'kumva kufunda, dziwani kuti moto uli pafupi. Dulani pulagiyo, muike yathu.

Kukhitchini nkhani yaikulu ndi nyemba. Mbale ya mawati 1000 ikayaka maola atatu, mayunitsi 3 apita. Banja lodya nyemba kawiri pa sabata limathera mayunitsi oposa 20 pamwezi pa ndiwo imodzi yokha. Kuviika nyemba usiku wonse kumachepetsa nthawi yophika kwambiri. Akazi a aphunzitsi adakana poyamba, amati nyemba zoviika zimasukuluka kukoma. Ine ndadya zonse ziwiri ndipo lilime langa silinapeze kusiyana, makamaka tomato ndi anyezi zikalowa, koma za kukoma sitikakamizana. Zina n'zosatsutsika. Poto wopanda chivindikiro amataya kutentha ndi nthunzi. Poto wopindika kunsi, amene amagwedera pa mbale, amakhudza chitsulo pamalo ochepa, kutentha kwina n'kumangopita mumpweya. Poto wamng'ono pa mbale yaikulu chimodzimodzi. Madzi akawira, tsitsani moto, chifukwa madzi owira mwaphokoso satentha kuposa owira pang'onopang'ono. Ndipo mbale ya hotipuleti imakhalabe yotentha mukazimitsa, moti mpunga umamaliza kupsa wokha.

Amene angathe kugula pressure cooker ya magetsi, agule. Poto ameneyu amatseka nthunzi m'kati, ndipo akatentha amadzithimitsa n'kumangoyaka mwa apo ndi apo. Nyemba zimapsa osafika yuniti imodzi. Amene sangathe, pali njira ya dengu: wiritsani nyemba zoviika kwa mphindi 15 kapena 20, phulani poto ali chivindikirire, mumukulunge m'bulangete lakale m'dengu, n'kumusiya maola angapo. Zimapitiriza kupsa ndi kutentha kwake komwe.

Ife odya kondowole tili ndi mwayi umene sitiuwerengera. Nsima ya chimanga imafuna phala lithakathake kaye pamoto, koma kondowole amangofuna madzi owira bwino, ufa, ndi mkono wamphamvu. Madziwo wiritsani m'ketulo. Yuniti imodzi imawiritsa malita pafupifupi 10 m'ketulo, chifukwa chotenthetsera chake chimakhudza madzi enieniwo, pamene pa hotipuleti ndi poto wosavindikira zikhoza kuwirikiza. Kungoti musadzaze ketulo yonse pofuna kapu imodzi ya tiyi. Ili ndi tchimo la m'nyumba zambiri, kuwiritsa malita awiri, kumwa kapu, madzulo n'kuwiritsanso omwewo.

Ndikudziwa zimene ena akuganiza pofika pano: ngati hotipuleti ndi imene ikudya, tiyeni tibwerere ku mbaula. Ine sindigwirizana nazo, ndipo chifukwa changa choyamba ndi cha m'thumba. Ndalama ya makala imatuluka pang'onopang'ono, kajumbo lero, kajumbo mawa, ndiye siipweteka ngati tokeni imene imaoneka pa foni. Lembani m'kope lomwe lija ndalama zonse za makala za mwezi umodzi, muyerekeze ndi mtengo wa mayunitsi amene akadaphika chakudya chomwecho, kenako muweruze nokha. Chifukwa chachiwiri chili m'mbali mwa msewu wa ku Mzuzu, mmene matumba a makala amaima ndandanda. Mitengo imeneyo ikuchoka m'mapiri amene amatsitsira madzi m'nyanja yathu. Mbaula ikhalepo ya tsiku limene magetsi athima, koma kuitenga ngati njira yopulumutsira ndalama n'kudzinamiza.

Giza ndi nkhani ya m'maloji ndi m'nyumba zochepa, koma kumene ilipo ndiyo mfumu ya zodya mayunitsi. Ya malita 150 imafuna mayunitsi 6 kuti itenthetse madzi ozizira kufika madigiri 60, ndipo ikangokhala yoyaka imatayanso yuniti imodzi kapena awiri patsiku ngakhale wina asasambe. Mnyamata wathu uja amati ku ntchito kwawo amayatsa ya chipinda chokhacho chimene muli mlendo, maola awiri asanasambe, ndipo eni maloji ena adaika zotenthetsa madzi ndi dzuwa padenga. Kuno dzuwa silisowa. M'makomo wamba timagwiritsa ntchito hita yoviika mundowa. Malita 20 kuwafunditsa mokwanira kusamba ndi theka la yuniti, si zambiri, koma pa banja la anthu 6 tsiku lililonse ndi mayunitsi 90 pamwezi. Chigubu chakuda chosiyidwa padzuwa kuyambira m'mawa chimapereka madzi ofunda madzulo popanda tokeni. Hita isungireni miyezi ya mwera, Juni ndi Julayi, ndipo musalole mwana kupisa dzanja mundowa ili yoyaka.

Zotsalazo n'zing'onozing'ono, kupatula babu la panja. Babu lakale la waya m'kati, la mawati 100, likayaka maola 12 usiku uliwonse limadya mayunitsi 36 pamwezi. La LED la mawati 9 limadya 3 okha. Cha m'ma 2016 ndi 2017, nyanja itatsika magetsi n'kumathima maola ambiri, ESCOM idagulitsa mababu a LED motchipa pofuna kuti anthu asiye akalewo, koma mpaka lero umawapezabe m'zimbudzi, m'makhola a nkhuku ndi kuseri kwa nyumba, kumene munthu sayang'anako. Dikoda ya mawati 10 yosazimitsidwa pa soketi imadya mayunitsi 7 pamwezi. Kanema wakale wa chimsana amadya kuwirikiza wa masiku ano. Simbi ndi ya mawati ambiri koma ya nthawi yochepa, ndiye sitani zovala za sabata yonse nthawi imodzi m'malo moitenthetsa m'mawa uliwonse chifukwa cha malaya amodzi. Fani musaiope, koma dziwani kuti imaziziritsa munthu, osati chipinda. Yozungulira m'chipinda mopanda munthu ikungotaya.

Pali chifukwa chinanso chosamalira nthawi imene timayatsa zinthu, ndipo ife a kunyanja tiyenera kuchimva msanga kuposa ena. Madzi amene ana amasambira pagombe la Chikale amatsetsereka kumwera, amatulukira mu Shire ku Mangochi, amadutsa pa Kamuzu Barrage ku Liwonde, n'kukazungulitsa makina a EGENCO ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Nkula A idayamba kupanga magetsi mu 1966, ndipo mpaka lero gawo lalikulu la magetsi a dziko lino limachokera mumtsinje umodzi womwewo. Kumpoto kuno tili ndi Wovwe ku Karonga, ya mamegawati 4.5 okha. Ndiye magetsi athu amayenda ulendo wautali pa mawaya, kudzera ku Chintheche, kuti adzafike pa soketi. Mu Januwale 2022 namondwe Ana ataononga damu la Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 adachoka nthawi imodzi, ndipo dziko lonse lidakhala mumdima wa kagawidwe mpaka 2023. Malo opangira magetsi a dzuwa monga a ku Salima, a mamegawati 60 amene adatsegulidwa mu 2021, amathandiza masana, koma dzuwa limalowa pa nthawi imene nyumba zonse zikuyatsa hotipuleti, giza, kanema ndi mababu. Kusita masana a Loweruka kapena kuphika nyemba m'mawa sikuchepetsa mayunitsi anu, koma kumapepukitsa katundu pa maola ovutawo. Tikumbukirenso kuti kalembera wa 2018 adapeza kuti ndi khomo limodzi lokha pa makomo pafupifupi 10 alionse limene linkaunikira ndi magetsi. Asodzi osiya mafoni aja ali m'gulu la otsalawo.

Pa puloti yathu tsopano sitisonkha mofanana. Tidakhala pansi, khomo lililonse lidatchula katundu wake ndi maola ake, aphunzitsi adawerengera, ndipo aliyense amapereka molingana ndi gawo lake. Mayi wa mafilizesi amapereka zambiri, aphunzitsi amabwera pachiwiri, ine pachitatu, mnyamata pomaliza. Sikuti madandaulo adatheratu. Munthu akagula chinthu chatsopano safulumira kulengeza, ndipo hita yoviika mundowa imabisika mosavuta pansi pa bedi. Njira yokhalitsa ndi yakuti khomo lililonse likhale ndi mita yakeyake, kapena wamagetsi aike timamita tating'ono towerengera chitseko chilichonse kuseri kwa mita yaikulu. Eni mapuloti anzanga amaona ngati ndi ndalama yotayika, koma wa lendi amene akudziwa kuti akulipira zake zokha sakangana ndi mnzake, ndipo amazimitsa yekha babu popanda womuuza.

Pali kuyesa kumodzi kumene sindikufuna kuti mukudumphe. Zulani chilichonse pa soketi, thimitsani mababu onse, kenako yang'anani mita kwa mphindi 10. Kanyali kakaphethirabe, kapena manambala akamatsika, magetsi akutuluka penapake. Mwina ndi waya wosupuka amene akukhudza malata kapena khoma lonyowa, zimene zimachitika kawirikawiri nyengo ya mvula kuno, makamaka m'nyumba zimene makoswe amayenda kudenga. Mwina ndi waya wokwiriridwa wopita ku nyumba ina umene mwini puloti wakale adaukoka inu musanabwere. Zikatero thimitsani swichi yaikulu muone ngati kasiya. Kakasiya, vuto lili m'mawaya a nyumba yanu, ndipo muitane wamagetsi amene ali ndi chiphaso cha MERA, osati mnyamata wapamsika amene ali ndi pulayala ndi tepi. Kakapanda kusiya, kanenezeni ku ofesi ya ESCOM kuti adzayeze mita. Musaitsegule nokha, ndipo wina akabwera n'kunong'oneza kuti akhoza kuichepetsa liwiro mukamupatsa ya fanta, mukaneni. Kuseweretsa mita ndi mlandu wa kukhoti, ndipo waya wolumikizidwa mwachinyengo ndi umene umaotcha nyumba anthu ali m'tulo.